Momwe Mungakonzere Tsiku la Banja ku Joni: M'mawa ku Myuziyamu, Masana kwa Abale

Ambiri mwa Amalawi amene tikukhala kuno ku Joni timakhala ndi tsiku limodzi lokha lopuma pa sabata, ndipo tsikulo limathera m'kuchapa, ku mapemphero, kapena m'tulo tobwezera mphamvu zimene zatha mkati mwa sabata. Mapeto ake ana athu amakula akudziwa njira ya kusukulu ndi ya kumasitolo basi, pamene azakhali awo a ku Cosmo City kapena amalume awo a ku Turffontein amangowadziwira pa foni, chonsecho tonse tili mumzinda umodzi. Malangizo awa ndalembera makolo amene akufuna kupatula tsiku limodzi kuti m'mawa akaone nyumba yosungiramo mbiri ndi zinthu zakale, imene ambiri timangoti myuziyamu, ndipo masana akachezere abale. Zinthu ziwirizi ndaziphatikiza dala, chifukwa mzinda uno unamangidwa ndi manja a anthu obwera, kuphatikizapo agogo athu, ndipo zimene mwana waona pakhoma m'mawa zimakhazikika m'mutu mwake wamkulu wa pamtundu pake akazifotokoza masana ndi pakamwa pake.

Choyamba, gwirizanani ndi abale musanakonze china chilichonse

Kumudzi mlendo amangotulukira n'kuodira pakhomo, eni nyumba n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku mosadandaula. Kuno moyo ndi wina, ndipo kufika mwadzidzidzi kukhoza kumuika m'bale wanu pamavuto amene sangakuuzeni chifukwa cha ulemu. Imbani foni kudakali sabata ziwiri, ndipo mufunse momveka bwino tsiku limene iwo sapita kuntchito, nthawi imene angakonde kuti mufike, ndiponso ngati malo amene akukhalawo amalola alendo. Funso lomalizali musalidumphe, chifukwa abale athu ambiri amakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya abwana awo, kumene kulowetsa anthu asanu popanda chilolezo kungawathetsere ntchito, ndipo ena ali m'mafulati momwe alonda amafuna kuti mlendo aliyense alembetse pageti. Mukamva kuti m'bale wanu akuzengereza poyankha, musamukakamize. Mupempheni kuti mudzamutenge n'kupita naye limodzi ku myuziyamu, kenako mukadyere pamodzi kwa m'bale wina amene ali ndi malo okwanira, kapena pa kapinga wa ku Zoo Lake, kumene kulowa kwake n'kwaulere.

Tchulaninso chiwerengero chenicheni cha anthu amene mukubwera, pakuti kungonena kuti tikubwera ndi ana sikumuthandiza mayi amene akufuna kudziwa kukula kwa poto wa nsima. Kumbukirani za chipembedzo chawo. Abale a mpingo wa Seventh Day amakhala kutchalitchi Loweruka, ambiri a ife Lamlungu m'mawa, ndipo ngati mukupita kwa abale achisilamu a ku Mayfair kapena ku Fordsburg, nyama imene mungawatengere ikhale ya halaal.

Chachiwiri, sankhani myuziyamu imodzi yokha

Cholakwika chimene makolo ambiri amachita, ndipo inenso ndinachichita pa ulendo wanga woyamba, ndicho kufuna kuona malo atatu tsiku limodzi. Tinafika kwa azakhali dzuwa litapendeka, nsima itazizira, ana akulira ndi kutopa, ndipo macheza amene tinayendera sanachitike. Choncho sankhani malo amodzi, ndipo posankhapo yang'anani msinkhu wa ana anu ndi dera limene abale anu akukhala.

Kwa banja lachimalawi, malo amene ine ndimaika patsogolo ndi Workers' Museum ku Newtown. Nyumbayi inali komboni ya khonsolo ya mzinda, yomangidwa mu 1913, momwe munkagona amuna ochokera kutali amene ankagwira ntchito yotaya zonyansa ndi ya kumalo opangira magetsi, ndipo anthu anagonabe m'menemo mpaka m'zaka za m'ma 1980. Mabedi a simenti amene amunawo ankagonapo mothithikana alipobe, kachipinda kotsekeramo amene awaona kuti alakwa kaliponso, ndipo chapafupi pali tinyumba tabwino timene munkakhala antchito achizungu, kotero kuti mwana safunika kufotokozeredwa zambiri kuti aone kusiyana kwake. Iyi sinali komboni ya mgodi, koma moyo wake unali wofanana kwambiri ndi umene agogo athu anakhala m'makomboni a migodi ya golide: amuna okhaokha, opanda akazi ndi ana awo, akuyenda ndi chitupa. Ubwino wina wa malowa ndi wakuti ndi aang'ono, ola limodzi limakwanira, ndipo pafupi pomwepo pali Sci-Bono Discovery Centre, malo a sayansi amene ali m'nyumba yakale ya zamagetsi, kumene ana amaloledwa kugwira ndi kuyesa zinthu ndi manja awo. Awa ndi malo okhawo kumene ndingavomere kuti muone nyumba ziwiri m'mawa umodzi, chifukwa kuchoka pa ina kupita pa inzake ndi mphindi zochepa wapansi.

Ngati ana anu ali ku sekondale, Apartheid Museum ku Ormonde, pafupi ndi Gold Reef City, ndi yoyenera, makamaka kwa amene abale awo ali ku Rosettenville, Turffontein ndi madera ena a kummwera. Inatsegulidwa mu 2001 ndipo imafotokoza ulamuliro wa tsankho umene unayamba mu 1948 n'kutha ndi chisankho cha 1994. Tikiti imene mumalandira imakusankhirani khomo lolowera, la azungu kapena la anthu amene sanali azungu, mosayang'ana khungu lanu, ndipo zimatheka kuti mayi ndi mwana alowere makomo osiyana n'kukakumana kutsogolo. Muli mafilimu oonetsa anthu akumenyedwa ndi kuomberedwa, mulinso chipinda cholendewera zingwe zokumbutsa amene ananyongedwa pa zifukwa za ndale. Mwana wosakwana zaka 11 musamutengere kumeneko, ndipo inu akuluakulu mupatule maola awiri kapena atatu.

Amene abale awo ali ku Soweto apite ku Hector Pieterson Museum ku Orlando West, imene inatsegulidwa mu 2002. Imakumbutsa za pa 16 June 1976, pamene ana asukulu anaguba pokana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans ndipo apolisi anawaombera. Hector anali ndi zaka 12, ndipo chithunzi chimene Sam Nzima anajambula, cha Mbuyisa Makhubo atamunyamula uku mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali, chinafika dziko lonse lapansi. Tsiku la Mwana wa mu Africa limene ngakhale kwathu timalikumbukira pa 16 June linachokera pamenepa, ndipo ana amene anayambira sukulu ku Malawi amadabwa akaima pafupi ndi malo enieni pamene zinachitikira. Kuchoka apo mukhoza kuyenda wapansi kukafika ku Vilakazi Street, kumene kuli nyumba nambala 8115 imene Nelson Mandela anayamba kukhalamo mu 1946, ndiponso nyumba ya Desmond Tutu.

Ana aang'ono kwambiri amene amakonda magalimoto angasangalale ku James Hall Museum of Transport, pa msewu wa Rosettenville, kumene kuli ngolo, njinga, mabasi ndi magalimoto ozimitsira moto akalekale.

Chachitatu, tsimikizani kuti malowo ndi otsegula

Nyumba zambiri za mbiri zimatseka Lolemba, zina zimasintha nthawi pa masiku a tchuthi, ndipo nthawi zina zimatsekedwa kuti zikonzedwe pamene pa intaneti pakuonekabe kuti n'zotsegula. Imbani foni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, mufunse nthawi yotsegulira, mtengo wa akulu ndi wa ana, ngati amalandira ndalama zapamanja kapena khadi yokha, ndiponso ngati pali munthu woyendetsa alendo tsiku limenelo. Malo ena amasiyanitsa mtengo wa okhala m'dziko muno ndi wa alendo ochokera kunja, choncho funsaninso chiphaso chimene amafuna kuona.

Chachinayi, akonzekeretseni ana ndi mbiri ya banja lawo

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa ulendo wopindulitsa ndi ulendo wongojambula zithunzi. Madzulo angapo ulendo usanachitike, khalani pansi ndi ana n'kuwafotokozera kuti inu si oyamba pamtundu wanu kufika kuno. Golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo mzinda uno unamera pamwamba pa migodi imene inkafuna manja ambirimbiri. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene kwathu tinalifupikitsa kuti Wenela, ndilo linkalemba amuna ntchito n'kuwatumiza kuno, ndipo n'chifukwa chake depoti ya mabasi ku Blantyre mpaka lero timaitcha Wenela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya kuno anali oposa 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela imene inanyamula amuna obwerera kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Kulembako kunayambiranso mu 1977, m'nthawi imene makolo athu amaitchula kuti ya Theba, n'kudzatheratu cha mu 1988. Auzeninso za Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia n'kudzayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, kuti adziwe kuti Mmalawi sanabwere kudzakumba kokha, anadzatsogoleranso.

Mukatero, imbirani foni agogo kumudzi, ndipo ana afunse okha mafunso awo. Ndani pabanja pathu anapita ku Wenela kapena ku Theba? Anagwira pa mgodi uti, ndipo anakhalako zaka zingati? Anabwerako ndi chiyani, njinga, wailesi, makina osokera kapena bulangete? Nanga alipo amene sanabwerere konse, amene pamudzi ankangowatchula kuti matchona? Mayankho ake ana awalembe m'kope limene adzalitenge pa ulendo. Banja lililonse limene ndalilimbikitsa kuchita zimenezi lapeza dzina la munthu mmodzi kapena awiri, ndipo mwana amene walowa mu Workers' Museum ali ndi dzina la agogo ake m'kope amayang'ana bedi la simenti lija ndi maso ena.

Chachisanu, longedzani usiku, osati m'mawa

Ndalama zigaweni patatu: zoyendera kupita ndi kubwerera, zolowera pakhomo, ndi zogulira mphatso, ndipo musiyeko zina zapadera zimene mungalipire Bolt kapena Uber ngati mdima wakupezani. Musaike zonse m'thumba limodzi. Pasipoti ndi chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno zikhale nanu, ndipo m'thumba la mwana aliyense muikemo kapepala kolembedwa nambala yanu ya foni. Tengani madzi akumwa ndi kamba wopepuka monga mandasi, nthochi kapena mtedza, chifukwa zakudya zogula pamalo oterewa zimadula, koma musawakhutitse ana, poti kukana nsima kwa azakhali n'kuwakhumudwitsa. Johannesburg ili pamtunda wokwera mamita oposa 1,700, kotero kuti mu June ndi July m'mawa kumazizira koopsa ndipo majuzi ndi zipewa n'zofunika, pamene kuyambira October mpaka March masana kumakonda kugwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali.

Kwa abale sitipita chimanjamanja. Shuga, mafuta ophikira, buledi, nkhuku ndi zakumwa za ana n'zokwanira, koma ngati mwangolandira katundu wochokera kumudzi, patulaniko usipa pang'ono, mpunga wa Kilombero, tiyi wa Chombe kapena botolo la Sobo, chifukwa kamtsuko kamodzi ka zakwathu kamasangalatsa munthu wa kuno kuposa thumba lodzaza la zogula m'sitolo. Amayi asaiwale chitenje m'chikwama, makamaka ngati kumene mukupitako kuli apongozi.

Chachisanu ndi chimodzi, nyamukani m'mamawa ndipo dziwani potsikira

Konzani zoti mukafike pakhomo la myuziyamu nthawi imene akutsegula, kuti pofika 12 koloko mukhale mutatuluka. Ngati mukuyenda pa matakisi, amene kwathu timati minibasi, afotokozereni ana amene angobwera kumene kuti kuno mulibe kondakitala: ndalama zimaperekedwa mzere ndi mzere mpaka kutsogolo, ndipo amene wakhala pambali pa dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono, ndipo ngati muli ndi ana musakhale kutsogolo. Poimitsa takisi yopita m'tauni mumaloza chala m'mwamba. Renki ya Bree ili m'mphepete mwa Newtown, choncho amene asankha Workers' Museum sayenda mtunda wautali, ndipo pomweponso mumapeza matakisi ambiri opita ku Soweto ndi mbali ya Randburg. Mabasi a Rea Vaya ndi abwino popita ku Soweto, koma amafuna khadi yoikamo ndalama pasiteshoni. Amene muli ndi galimoto, kumbukirani kuti lamulo la kuno limafuna kuti mwana wosakwana zaka 3 akhale m'mpando wake wapadera, ndipo musasiye katundu poonekera mukaimika.

M'tauni mwana aliyense akhale ndi wamkulu womugwira dzanja, ndipo mafoni akhale m'thumba mpaka mutalowa mkati. Dzina la renki yokwerera ndi malo otsikira popita kwa abale mufunsiretu kwa eni akewo, osati kwa anthu a mumsewu.

Chachisanu ndi chiwiri, mkati mwa myuziyamu yendani mwa liwiro la mwana

Musayese kuwerenga cholembedwa chilichonse. Muuzeni mwana aliyense kuti asankhe zinthu zitatu zimene zamugwira mtima, azilembe kapena azijambule m'kope lija, chifukwa madzulo adzazifotokoza kwa amalume ake. Zolembedwa pakhoma zimakhala m'Chingelezi, ndipo uwu ndi mwayi wanu woti muzimasulire m'Chichewa, kapena mwana wamkulu amasulire agogo ake ngati mwawatenga. Ana obadwira kuno ambiri amalankhula Chizulu, Chisutu ndi Chingelezi mosadodoma koma Chichewa chawo n'chopunduka, ndipo mawu monga chitupa, komboni, mgodi ndi tsankho amawagwira msanga akamva pamene chinthucho chili patsogolo pawo. Funsani kaye musanajambule zithunzi, pakuti malo ena saloleza, ndipo pa chipilala chokumbukira akufa ana asathamangethamange kapena kuseka, monga momwe sitichitira kumanda.

Mwana akakufunsani funso lovuta, monga chifukwa chimene anthu amene anazunzidwa chotere nthawi zina amazunzanso anthu obwera, musamukalipire ndipo musamuphunzitse chidani. Muuzeni zoona, kuti mavuto amenewo alipo ndipo ambiri a ife tawaona, komanso kuti m'makomboni aja Mzulu, Msutu, Mshangani ndi Mnyasa ankagwira ntchito limodzi ndi kunyamulana wina akavulala.

Chachisanu ndi chitatu, kwa abale lolani akulu alankhule

Mukatuluka mu myuziyamu imbani foni kuti mwanyamuka, kuti ophika adziwe nthawi yotereka madzi a nsima. Muli m'njira akumbutseni ana mwambo: pakhomo timati odi n'kudikira kuti atiyankhe, akuluakulu timawapatsa moni ndi manja awiri, atsikana amagwada ndipo anyamata amanjuta, ndipo munthu wamkulu sitimutchula dzina koma timati agogo, amalume, azakhali, kapena amayi aang'ono. Mwana amene akudziwa mfunda wake amakondweretsa akulu kwambiri, choncho muphunzitseni kuti akafunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani ayankhe mosajejema. Mphatso iperekedwe kwa mayi wa pakhomo mutatha kulonjerana, osati muli chiimire pageti. Pa chakudya akulu ndiwo amayamba kusamba m'manja, ndipo mafoni a ana akhale m'chikwama cha amayi awo kufikira nthawi yotsanzika.

Mbale zikachotsedwa, itanani ana kuti atulutse kope lija n'kufotokoza zinthu zitatu zimene anasankha. Inu makolo musalowerere msanga. Kawirikawiri wamkulu wa pakhomopo amayamba ndi kukonza pamene mwana walakwitsa, kenako amapitirira yekha kunena za bambo ake amene anabwerako ndi chifuwa chosatha, za sutikesi yachitsulo imene inkakhala pansi pa bedi, kapena za ulendo wake womwe wa pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Paja akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, ndipo nkhani zoterezi sizituluka pa foni ya mphindi zisanu, zimafuna munthu atakhuta, atakhala pansi, ndipo pali mwana amene wamufunsa. Ngati iwo avomera, jambulani mawu awo pa foni, chifukwa zimene akunenazo sizinalembedwe pakhoma la myuziyamu iliyonse. Nkhani za ngongole, za mapepala, ndi za mikangano ya minda kumudzi zisungireni tsiku lina limene ana palibe.

Pomaliza, tsanzikani kudakali kowala

M'nyengo yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo matakisi amayamba kuchepa kukada, makamaka Lamlungu, choncho cha m'ma 4 koloko yambani kutsanzika, podziwa kuti kutsanzika kwathu kumatenga nthawi ndipo eni nyumba adzafuna kukuperekezani mpaka pokwerera. M'nyengo ya mvula yang'anani kumwamba: mitambo ikayamba kuda masana, ndi bwino kudikira m'nyumba kuti mvula ipite kusiyana n'kuti ziphaliwali zikupezeni panja ndi ana. Atsikana ndi anyamata omwe athandize kutsuka mbale musananyamuke, ndipo musachoke musanagwirizane tsiku limene iwonso adzabwere kwanu. Mukafika kunyumba imbani foni kunena kuti tafika bwino, chifukwa azakhali sagona asanamve mawu amenewo. Kope lija liikeni pamodzi ndi mapasipoti, ndipo pa tsamba lake loyamba mwana wamkulu alembe deti la tsikulo, dzina la myuziyamu, ndi mayina a agogo onse amene atchulidwa.